Khosi la Ng'ombe ya Dongo

Mutu 6

1. Chipani cha Dongo

Matola anaima pa Malomo dzuwa litalowa kale. Luckness anatsika. Fumbi m'tsitsi, fumbi m'mano. Anamwaza maso uku ndi uku. Magetsi kunalibe. Tinyali ta m'magolosale tokha ndi timene tinkaphethira.

Anali mwana wa ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe. Anali mu Fomu 3. Mapiri ankangowaona pa kalendala. Koma pa nkhani ya pensulo, kusukulu kwawo kunalibe womuposa.

"Odi, kodi ndinu mwana wa zojambula uja?"

Anatembenuka. Panali bambo wachikulire, waimvi, atagwira njinga.

"Ndine, agogo."

"Ine ndine Nowa, kalipentala wa ku parishi. Andituma a Sisitere Margareta. Khalani pa kaliyala, mugwire zolimba. Msewu wathu suona nkhope."

Nkhani yake inali yotere. Chaka chimenecho kunkamveka kuti dziko lino likhala ndi wailesi ya kanema yakeyake. Bungwe lina la achinyamata ku Lilongwe linapeza kamera. Linaitana masukulu kuti apange timafilimu tatifupi ta zidole zoyenda. Sukulu ya Luckness anaiphatikiza ndi sukulu ya mishoni ya kuseri kwa Malomo. Ntchito anagawana. Wa m'tauni ajambule nkhani yonse papepala, chithunzi chilichonse m'bokosi lake. A kumudzi aumbe zidole ndi kukonza zipangizo. Luckness anatumiza mapepala ake pa positi. Tsopano anabwera kudzaona zimene anzakewo apanga.

Njinga inkalira pachitunda. A Nowa ankapalasa uku akucheza.

"Kwanu ku tauni akuti masiku ano aliyense ali ndi chipani chake. Nafenso kuno tayambitsa chathu. Chipani cha dongo. Pulezidenti wake ndi Faines."

"Faines ndi ndani?"

"Ha! Simunamumve? Mwana uja ali ndi zala. Akagwira dongo limapuma."

"Nanga zithunzi zimene ndinatumiza munaziona?"

"Timapepala tija? Eya. Ndinatikhoma ndine pakhoma. Misomali yake inalowa bwino."

Luckness anangogwira kaliyala zolimba mpaka ku parishi.

2. Demokalase

Kutacha linali tsiku la tchuthi, makalasi kunalibe. Komabe ana anadzaza m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. A Sisitere Margareta, mphunzitsi amene ankatsogolera ntchitoyi, anamulowetsa mlendoyo.

"Uyu ndi mnzathu wa ku Lilongwe, amene anajambula nkhani yathu."

Ana anaomba m'manja pang'ono. Kenaka onse anathamangira pa tebulo.

Luckness anayang'ana kukhoma. Mapepala ake anali pomwepo, atandandalikidwa bwino. Bokosi loyamba, phiri lodzaza mitengo. Lachiwiri, mwini ngolo akunola nkhwangwa. Ngolo ikukwera, ikutsika ndi nkhuni, ikukweranso. Mitengo ikutha. Bokosi lomaliza ndilo ankalinyadira. Ng'ombe yaima. Yatembenuza khosi. Yayang'ana phiri la mbee, ndipo yakana kuyenda.

Pa pepala limenelo ntchentche zinali zitasiyapo madontho. Panalibe woliyang'ana.

Pa tebulo panali dziko lonse, koma laling'ono. Phiri la nyuzipepala zomata ndi phala. Timitengo ta waya, masamba ake tizidutswa ta chitenje chobiriwira. Kachigafa ka fodya. Kankhokwe. Kangolo kokhoma a Nowa, mateyala ake zotsekera mabotolo.

Mtsikana wamfupi wa diresi yotuwa anavundukula chiguduli chonyowa pa lichero. Pansi pake panali kamunthu ka chipewa ndi ng'ombe ya dongo, kukula kwake ngati nkhonya ziwiri. Linunda, nyanga, makutu, zonse zinalipo.

"Demokalase! Demokalase!" anakuwa ana.

"Dzina limeneli bwanji?" anafunsa Luckness.

"Imayang'ana kumene yafuna, achemwali. Siiuzidwa," anayankha mtsikanayo akumwetulira. "Ine ndine Faines. Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda."

Faines sanaone kuuma kwa yankholo. Anamukokera pafupi.

"Taonani. M'katimu muli waya, ndiye mafupa ake. Dongo lizikhala lofewa. Kamera ikajambula kamodzi, ine ndimakhotetsa khosi pang'ono. Ijambulenso, ndikhotetsenso. Zithunzizo akazithamangitsa, ng'ombe imaoneka ngati ikutembenuka yokha."

Anakhotetsa. Ng'ombe inayang'ana a Sisitere. Anakhotetsanso. Inayang'ana Luckness. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko.

"Zoti itembenuke ndinaganiza ndine," anatero Luckness.

Mawu ake anamira m'phokoso.

3. Mwana Mmodzi Yekha

A Sisitere anagogoda pa tebulo ndi rula. Ana anakhala bata.

"Tamverani. Mawa m'mamawa galimoto ya parishi inyamuka ndi katundu yenseyu. Kamera atibwereka sabata ino yokha. Tikapanda kufika apatsa sukulu ina. Eni ake akuti chipinda n'chaching'ono, mulowe mwana mmodzi yekha. Ndasankha Faines, chifukwa zala zake ndi zimene zimayendetsa zidole."

Nthungululu zinalira. Atsikana anamunyamula Faines m'mwamba. Iye ankangobisa nkhope.

"Luckness, iwe tikakutula kwanu ku Kawale," anapitiriza a Sisitere. "Ntchito yako waigwira bwino, ndipo yatha."

Yatha! Ku Kawale anali atauza kale anzake onse, ngakhale amayi ogulitsa mandasi pa geti la sukulu, kuti iye akukapanga filimu. Anamwetulira ndi mano okha.

Ana atabalalika, Faines anamupeza pakhomo.

"Achemwali, ndikupempheni kanthu. Bambo anga mwendo watupa, ndiye nazale ya fodya kudimba ndikuthirira ndine. Ndikajomba lero mbande zipsa. Ndibwera madzulo. Inu muzingonyowetsa ziguduli izi, dzuwa likafika paliwombo, komanso likayamba kupendeka. Keni yothirira ili apo, mjigo uli kuseri. Dongo likauma silipindika. Limathyoka."

"Ndamva."

"Ambuye akudalitseni. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa."

Anavula nsapato, n'kuthamangira kudambo.

4. Wapamwamba ndi Wapansi

Unali mwezi wa Okutobala. Pofika masana malata ankalira ndi kutentha. Luckness anakhala yekha m'chipinda muja. Anayang'ana mapepala ake. Anayang'ana lichero.

Analinyamula, n'kukaliika pakhonde pamene dzuwa linkamenya. Anachotsa chiguduli. Anatulutsa pensulo ndi pepala.

"Ndikungofuna kuijambula bwino," anatero mokweza, ngakhale panalibe womufunsa.

Nsonga za nyanga zinayamba kutuwa.

A Nowa anatulukira atasenza thabwa. Anaima.

"Mwanawe, ng'ombe iyi siiwothera dzuwa."

"Ndikuijambula, agogo. M'katimo muli mdima."

A Nowa anasuzumira pa pepala. Linali loyera, lopanda ngakhale kamzere. Anatula thabwa, n'kukhalapo.

"Ndikuuze kanthu. Ndisanayambe ntchito ku parishi kuno ndinkacheka matabwa m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Kucheka matabwa ndi kwa anthu awiri. Mumakumba dzenje, chipika mumachigoneka pamwamba. Wina amaima pa chipika, wina amalowa m'dzenje. Sowo ndi imodzi. Wapamwamba akakoka, wapansi amatsatira. Wapansi akakoka, wapamwamba amatsatira.

"Tsono anthu odutsa m'njira amaona wapamwamba yekha. Moni amapatsa iyeyo. Amati, 'Taonani mwamuna uyo, ntchito akuidziwa!' Wapansi samuona. Iye amangodya utuchi. Umamulowa m'maso, m'mphuno, m'makutu. Ine ndinakhala wapansi zaka zambiri. Kuwawa kwake ndikukudziwa, usaganize kuti ndikungoyankhula.

"Koma ndinaonapo wapansi wina amene mtima unamuwawa mopitirira. Anayamba kukokera sowo kumbali, kuti mnzakeyo aoneke wosatha ntchito. Thabwa linatuluka lokhota ngati nthochi. Wogula anafika. Ukuganiza kuti anafunsa kuti wakhotetsa ndani? Iyayi! Anangokana thabwa, n'kumapita. Onse awiri anagona ndi njala. Nsanje, mwanawe, siidziwa kuloza. Umaponyera mnzako, mwala umagwera m'mbale mwako.

"China ndi ichi. Tisanacheke, timalemba mzere pa chipika ndi chingwe chopaka makala. Sowo ikadutsa, mzere uja suonekanso. Palibe amaukumbukira. Koma popanda mzerewo, thabwa palibe. Mapepala ako aja ndi mzere. Faines akutsata pamene unalemba iwe. Kodi zimenezo n'zochepa? Wakutsina khutu ndi mnansi. Bweza ng'ombe m'nyumba, uifunditse, uipatse madzi."

"Ndamva, agogo."

A Nowa anasenza thabwa lawo, n'kulowa mu shopu yawo kutsidya kwa bwalo.

Luckness analowetsa lichero. Anatenga keni, anapita ku mjigo, anaidzaza. Pobwerera anamva nyimbo. Pansi pa mtengo wa mango atsikana ankasewera fulaye uku akuimba:

"Faines wathu ku Lilongwe!
Faines wathu pa kanema!"

Anaima pakhomo. Keni inkamulemera. Pambali pa khomolo panali mtengo wa papaya.

Madzi onse anathira pamenepo.

Analowa. Anakankhira lichero pa zenera la kumadzulo, losafunda. Anatseka chitseko, n'kukagona kunyumba ya alendo.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa anabwerera. Anafunditsa zidole osaziyang'ana. Pamwamba pa chiguduli anawazapo timadzi ndi zala.

5. Thyo!

Faines anafika matope ali m'miyendo. A Sisitere anabwera ndi makatoni olongedzera. Ana anadzazanso. A Nowa okha kunalibe, anali atapita ku Malomo kukagula zingwe zomangira katundu.

"Tamuonetseni Demokalase komaliza, titsanzikane naye!" anakuwa mnyamata wina.

Faines anavundukula. Kumwetulira kunathawa. Ng'ombe inali yotuwa mbuu. Ming'alu inayenda kuchokera pa linunda mpaka m'miyendo. Anagwira khosi ndi zala ziwiri. Anayesa pang'ono.

Thyo!

Mutu unatsala m'manja mwake. Pa khosi panangotsala waya. Kamunthu ka chipewa nako, atakakhudza, mkono unagwa.



"Chachitika n'chiyani?" anafunsa a Sisitere.

"Ndinapita kudimba, a Sisitere. Ndinasiyira achemwaliwa."

Maso onse anatembenukira kwa Luckness. Tsopano ndiye anamuyang'ana, aliyense.

"Ndinanyowetsa," anatero. "Gwirani chiguduli muone. Kapena madzi anachepa, kaya. Ine za dongo sindizidziwa. Kwathu kulibe."

A Sisitere anagwira chiguduli. Chinali chonyowa. Anapuma mozama, n'kutembenukira kwa Faines.

"Faines, mwana wanga, luso lokha silikwanira. Mulungu akakupatsa zala amakupatsanso udindo. Khanda lako sumusiyira munthu amene wamuona lero. Mlendo ndi mame, za pano sazidziwa. Ukanandiuza ine, ndikanatuma anyamata kukathirira nazaleyo. Iwe unangoganiza wekha, n'kuchita wekha. Anzako onsewa apinda waya, adula nsalu, amata phiri mwezi wathunthu. Thukuta lawo lili kuti tsopano? Kamera ija ndi ya eni ake. Ndikakuika m'chipinda muja, sudzaisiyanso ndi munthu wodutsa? Ayi. Ukhale. Uphunzirepo. M'chipinda cha kamera alowa Luckness, nkhani akuidziwa. Za ng'ombe tikaona komweko."

Faines sanatsutse. Anaika kamutu kaja m'thumba la diresi. Anasolola waya m'thupi la ng'ombe. Potuluka anaima pakhomo. Bwalo lonse linali fumbi lokhalokha, koma patsinde pa papaya dothi linali lakuda, lonyowa. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana Luckness. Kenaka anapita.

"Chotsa mapepala ako pakhoma, tiwalongedze," anatero a Sisitere.

Luckness anayamba kuzula misomali. Bokosi ili, munali ng'ombe. Lotsatira, ng'ombe. Linalo, ng'ombe. Kupatula loyamba ndi lachiwiri, panalibe bokosi lopanda ng'ombe. Anali atajambula yekha, ndi dzanja lake.

Chimene ankafuna anachipeza. Koma chakudya cha madzulo amenewo anachisiya m'mbale.

6. Tisanafike pa Boma

M'mamawa mphepo ya m'mapiri inkaluma. Galimoto ya parishi, yotsegula kumbuyo, inaima pabwalo. A Nowa ankamanga phiri la nyuzipepala kuti lisauluke. Sanamupatse Luckness moni.

Kunjira ya kudambo kunatulukira munthu. Anali Faines, atafunda chitenje, atanyamula bakuli lophimba ndi kansalu konyowa. Maso ofiira. Dongo m'zikhadabo.

Anapita molunjika kwa Luckness.

"Landirani, achemwali. Dongo linatsala lochepa, ndiye kwabadwa kathole. Ndaumbira pa kuwala kwa koloboyi, musaseke makutu ake. Waya ndi yemwe uja. Kamunthu ndakabwezera mkono."

Luckness analandira. 

"Pokhotetsa khosi, chala china chizigwira pa linunda. Pang'onopang'ono. Musaope, saluma. Bokosi lomaliza lija musalifulumire. Ndi limene ndimalikonda ine. Ndinkabwera m'mawa uliwonse kudzaliyang'ana, kuti ndione mmene munapindira khosi."

Luckness anasuzumira m'bakuli. 

Faines anatulutsa botolo la madzi m'chitenje. Analiika m'manja mwa Luckness. Anatsitsa mawu.

"Awa ndi a ng'ombe. Mapapaya a ku Lilongwe ali ndi eni ake."

"Tiyeni, tiyeni, kwacha!" anaitana a Sisitere ali kutsogolo ndi dalaivala.

Luckness anakwera kumbuyo, bakuli pamiyendo. A Nowa anakweranso, poti ndi amene ankakaimika phiri ndi timitengo ku Lilongwe. Anakhala moyang'anana naye.

Galimoto inanyamuka. Faines anatsala pabwalo. Sanabayibitse. Anangochepa, n'kuchepa, mpaka fumbi linamumeza.

Anadutsa pa Malomo anthu akutsegula kumene magolosale. Msewu unayamba kukwera. Ndi pamene a Nowa anayankhula.

"Zimene zinagamulidwa dzulo ndazimva m'mawa uno, tikukweza katundu. Shopu yanga inayang'anana ndi papaya uja, mwanawe. Zenera lake lilibe katani."

Luckness anaweramitsa mutu.

"Ine thabwa lokhota sindisunga m'nyumba. Pa Boma la Ntchisi a Sisitere aima kuti athire mafuta. Pamenepo galimoto ingathe kutembenuka, kukatenga mwana uja. Tikangopitirira, basi, mafuta obwerera palibe. Uwauza wekha, kapena ndiwauze ine. Ukawauza wekha, mwina adzakumvera chisoni. Ndikawauza ine, sindikudziwa. Sankha."

Anavala chipewa chawo kumaso ngati agona.

Galimoto inagwa m'dzenje. Kansalu kanasendera pambali. Ndi kugwedezekako, khosi la kathole linali litakhota lokha. Kanali kumuyang'ana Luckness.

Luckness anatsegula botolo. Ananyowetsa kansalu. Madzi ena anatayikira pa siketi.

Kutsogolo, pakati pa mapiri, malata a pa Boma anayamba kunyezimira.